Funsani Malume: kodi napolo n'kumuikira pulani?

Mwezi uno makalata ambiri amene afika, ena pa WhatsApp ena olemba pamanja ndithu, akuzungulira nkhani imodzi, ya kugumuka kwa mapiri. Sizodabwitsa, mitambo yayamba kale kuunjikana pa Kuchawe, pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo aliyense wokhala m'tsinde mwa phiri akagona khutu limodzi limakhala panja. Ndasankhapo ochepa, ena ndawadula poti anali aatali ngati ulaliki wa pa Khisimisi. Amene munafunsa za chikondi ndi za ngongole za banki mkhonde pepani, tikumana mwezi wa mawa.

Malume, ine ndimakhala ku Chinamwali chakumtunda kwenikweni, ukangotuluka pakhomo phiri lili pamphuno. Chichitikireni za namondwe Freddy zija ine mvula ikagwa usiku sindigona, ndimangokhala tsonga ana ali mtulo. Nde tsiku lina pawayilesi ndinamva bambo wina wophunzira akuti dziko lathu likufunika pulani ya kafukufuku wa zigumukire, ine zinandinyansa kunena zoona, kafukufuku wa chani poti ngakhale mwana amadziwa kuti mvula ikachuluka phiri limagumuka? Ndalama zimenezo osangotigulira malo kwina bwanji?
Mayi wa ana atatu, Chinamwali

Mayi, mkwiyo wanuwo ndaumva ndipo sindikukutsutsani onse, mawu akuti kafukufuku kuno anawonongeka kalekale, munthu akamva amangoona anthu atakhala mu hotela kunyanja akusainira alawansi. Koma tandilolani ndikufunseni kamodzi. Mukuti aliyense amadziwa kuti phiri limagumuka, chabwino, nanga ligumuka pati? Pamwamba pa nyumba yanu kapena khwawa lachitatu kuchoka panupo? Nanga mvula yake ikhale yochuluka bwanji, ya tsiku limodzi kapena ya masiku anayi? Funso limenelo ndi limene limakukhazikani tsonga usiku, ndipo kafukufuku weniweni ntchito yake ndi yomweyo basi, kuyankha kuti pati ndi liti.

Mmene zimachitikira ndi chonchi. Phiri lathuli mkati ndi thanthwe lolimba, koma pamwamba pake pali dothi ndi miyala yofumbutuka imene yangokhala ngati chofunda. Mvula ikagwa masiku angapo osadukiza madzi amalowa m'dothimo mpaka kufika pathanthwe pomwe sangapitirire, nde amayamba kudzadza kuchokera pansi, dothi lija limalemera komanso pamene linagwirana ndi thanthwe pamaterera. Kenako chigamba chonse chimangosiya. Chikagwera m'khwawa chimasakanikirana ndi madzi, chimatola miyala ikuluikulu ina yoposa minibasi, mitengo yathunthu, n'kumatsika ndi liwiro loti munthu sungathamange nacho. Amene anaona ku Soche ndi ku Chilobwe mu Malichi 2023 akudziwa, sanali madzi osefukira wamba aja amakwera pang'onopang'ono mpaka umatha kunyamula mbuzi, anali matope ndi miyala.

Tsono chinthu chimene anthu ambiri sadziwa, ndipo ndi chimene ndikufuna mugwire, n'chakuti zimenezi zimakonda kubwerera njira yakale. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, matope nawonso saiwala. Miyala ikuluikulu mumaiona ili mbwee m'minda ndi pakati pa nyumba m'tsinde mwa phiri ija sinamere ngati bowa, inatsika, ndipo njira imene inadzera ikadalipo. Kuno ku Zomba zinachitikapo mu Disembala 1946, nthawi imeneyo likulu la dziko lili konkuno, kunagwa mvula yoposa mamilimita 700 m'masiku osakwana awiri, phiri linagumuka, milatho inapita, anthu anafa. Ku Phalombe zinachitika mu Malichi 1991 kuchokera m'phiri la Michesi ndipo anafa anthu mazanamazana. Ku Rumphi, dera la Ntchenachena, mu 2003. Kenako Freddy uja, amene anapha anthu oposa 1,000 tikaphatikiza amene sanapezeke, ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe. Mukaona mndandanda umenewu muona kuti si ngozi yachilendo ayi, imangotenga nthawi yaitali isanabwerere pamalo amodzi, zaka 30, 50, 70, moti pofika nthawi imeneyo amene anaona anamwalira kapena akalamba ndipo adzukulu amanga nyumba m'khwawa momwemo.

Nde ntchito yoyamba ya pulani ya dziko ndi yosasangalatsa n'komwe, palibe riboni yodula, ndi kaundula. Kulemba malo aliwonse amene anagumukapo, tsiku lake, kukula kwake, pamene matope anakathera, mvula imene inagwa. Kuchokera m'kaundulamo ndi mmene amajambula mapu oonetsa kuti apa mpofiira osamangapo, apa mutha kumanga koma mosamala, apa palibe vuto. Ndipo apa ndi pamene funso lanu logula malo likulowa. Boma silingasamutse aliyense wokhala pafupi ndi phiri, Zomba yense ali pafupi ndi phiri, Blantyre chimodzimodzi, Mulanje osanena. Popanda mapu asamutsa anthu olakwika n'kusiya amene ali pakamwa pa khwawa. Mwina nyumba yanu ili pabwino ndipo mukuvutika ndi tulo pachabe, mwinanso ili poipa kwambiri, pano inu ndi ine tikungoganizira.

Malume, ndikulemba m'malo mwa agogo anga a ku Malosa, iwo foni sagwira. Akuti ndikuuzeni kuti ana asukulu mukutaya nthawi, napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri ndipo chikafuna kusamuka kupita kunyanja palibe injiniya angachiletse. Ine ndinawaseka nde anakwiya, akuti ndifunse inuyo.
Mdzukulu, Malosa

Mdzukulu, choyamba kapepese kwa agogo, kachiwiri tenga kope ndi bolopeni ukakhale nawo pakhonde. Za chinjokazo ine sindilowapo, koma tamvetsera bwino zimene akunena. Akuti napolo ali ndi njira yake, amachoka kuphiri kutsata mtsinje kulowera ku Chilwa, akuti asanatuluke kumamveka mkokomo pansi, akuti sabwera chaka chilichonse, ndipo pomaliza akuti palibe angamuletse. Pa zinayi zimenezi katswiri wa miyala atsutsapo chiti? Olo chomalizacho, phiri lalikulu likaganiza zotsika palibe khoma la simenti lingaligwire, chimene munthu angachite ndi kuchoka panjira.

Afunse agogowo kuti napolo anadutsa pati, chaka chanji kapena nthawi ya mfumu iti, anakathera pamunda wa ndani, ndi malo ati amene makolo ankaletsa kumangapo. Zimene akuuzezo ndi kaundula amene ndimanena pamwambapa, ndipo zithunzi za satelayiti sizingakupatse za 1946 poti kunalibe. Ine ndikanakhala wolemba pulani ya dziko, ndalama zoyambirira ndikanapatsa ana a sukulu zaukachenjede kuti azungulire midzi ya m'tsinde mwa Zomba, Malosa, Mulanje, Michesi, Chiradzulu, Ndirande ndi kumapiri a ku Rumphi kukajambula mawu a nkhalamba zisanatisiye. Ntchito imeneyi ili ndi changu kuposa kugula makompyuta, kompyuta idikira koma agogo ako sadikira.

Malume, ndine wophunzira pa Chanco chaka chachitatu. Funso langa ndi lakuti kodi nkhani ya zigumukire mwini wake ndani m'boma? Ndikamawerenga ndikuona ngati aliyense ali ndi kachidutswa kake. Komanso maiko ena amapanga bwanji, kapena tingokopera zawo?
Wophunzira, Chirunga

Mphwanga, wagunda penipeni. Tiye tiwerenge amene ali ndi kachidutswa. Za miyala ndi nthaka yake ndi a Geological Survey, amene likulu lawo lili konkuno ku Zomba, anthu ambiri amangodutsa osadziwa kuti mapu a miyala ya dziko lonse amasungidwa m'tauni mwathu muno. Za mvula ndi a zanyengo ku Blantyre. Zochenjeza anthu, misasa ndi thandizo ndi a DoDMA. Mitengo ya m'phiri ndi a zankhalango, ndipo nthambi yawo ya kafukufuku, FRIM, nayonso ili ku Zomba. Misewu ndi a Roads Authority. Mapuloti m'tauni ndi khonsolo ndi a zamalo, kumudzi ndi mafumu. Ophunzitsa ndi ofufuza muli inu a UNIMA, a MUST ku Thyolo amene ali ndi maphunziro a za ngozi zogwa mwadzidzidzi, a MUBAS kumene kumachokera mainjiniya, a Mzuni amene anafufuzapo kwambiri zigumukire za ku Rumphi. Mitu ilipo yambiri, nzeru ziliponso, koma phiri likagumuka silifunsa kuti gawo ili ndi la unduna uti.

Malamulo athu nawonso ali ndi mbiri yake yomvetsa chisoni pang'ono, amabadwa maliro atachitika. Lamulo loyamba la za ngozi linabwera mu 1991 pambuyo pa Phalombe. Linakhala zaka zoposa 30, ndondomeko ya dziko ya za ngozi inatuluka mu 2015 chaka cha madzi osefukira aakulu aja, koma lamulo latsopano linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2023, Freddy atangotha kumene. Sindikunena kuti ndife tokha otero. Ku Hong Kong anakhazikitsa ofesi yoona za malo otsetsereka mu 1977 zitachitika ngozi za 1972 ndi 1976 zimene zinapha anthu ambiri. Ku Japan lamulo lawo logawa malo oopsa kukhala achikasu ndi ofiira malinga ndi kukula kwa chiopsezo linabwera mu 2000 pambuyo pa zigumukire za ku Hiroshima mu 1999. Olo America ndi chuma chake chonse, a USGS, bungwe lawo la za miyala ndi nthaka, analemba ndondomeko ya dziko lonse ya zigumukire kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 koma lamulo lake linasainidwa mu Januwale 2021. Kusiyana kwake kuli pa zimene zimachitika maliro akatha, ena amapitiriza, ena amadikira maliro ena.

Za kukopera, kopera mutu wake osati thupi. Hong Kong ili ndi kaundula wa malo otsetsereka opangidwa ndi anthu okwana pafupifupi 60,000, alionse ali ndi nambala yake ndi mwini wake woyenera kuwasamalira, ndipo amathira ndalama zankhaninkhani kukhoma zitsulo m'mapiri. Zitsulozo ife sitingakwanitse, tisanamizane. Koma mfundo yakuti pakhale ofesi imodzi yodziwika imene ukaifunsa za phiri lakuti imayankha, yokhala ndi mzere wakewake mu bajeti chaka ndi chaka, imeneyo ndi yaulere kukopera. Anzathu ofanana nafe ndi monga Uganda, kumene phiri la Elgon linakwirira midzi ku Bududa mu Malichi 2010, ndi Sierra Leone kumene phiri linagumukira mu Freetown mu Ogasiti 2017 n'kupha anthu oposa 1,000. Mavuto awo ndi athu omwewa, anthu osauka kumanga motsetsereka poti ndi momwe malo ali otchipa, ndi anthu osamutsidwa kubwerera. Kumeneko ndi koyenera kukaphunzira zolakwika zawo.

Ukandifunsa kuti kafukufuku ayambire pati, kupatula kaundula uja, ine ndingati pa mvula. Nthawi ya Freddy ku Nkhulambe ku Phalombe anayeza mamilimita 1,078 m'masiku anayi, mvula yoposa imene madera ambiri a dziko lino amalandira dzinja lonse. Chiwerengero chimenecho tili nacho chifukwa panali choyezera ndi munthu wowerenga. Koma mvula ya pamwamba pa phiri ndi ya m'tauni ndi zosiyana, wokhala ku Zomba aliyense amadziwa kuti ku Kuchawe kutha kumagwa chimvula ku Matawale anthu akuanika zovala, ndipo imene imagwetsa phiri ndi ya pamwambayo. Nde pamafunika zoyezera m'mapiri momwemo, zambiri, zotumiza zokha manambala pa netiweki, ndipo patapita zaka ukaphatikiza manambalawo ndi kaundula umatha kunena kuti phiri ili likalandira mvula yakuti m'masiku akuti anthu a m'makhwawa awa atuluke. Imeneyo ndi ntchito ya zaka khumi kapena kuposa, ndipo apa ndi pamene timagwera. Zambiri kuno zimayenda ndi pulojekiti ya zaka zitatu ya ndalama zakunja, ikatha galimoto imakhala pa mawe, batire la choyezera likafa palibe wogula lina, sola ikabedwa basi nkhani yatha, lipoti lili mu kabati. Ntchito yojambulanso mapu a miyala ya dziko lino ija ya GEMMAP, imene inayenda ndi thandizo la France, inali ndi gawo la ngozi zachilengedwe, zinthu ngati zimenezo ndi maziko abwino, koma mapu a dziko lonse sangakuuze za nyumba ya mayi a ku Chinamwali aja. Pamafunika kutsika mpaka mapu a dera limodzilimodzi, ndipo atuluke mu kompyuta akapachikidwe kwa amfumu ndi ku ofesi yogawa mapuloti, m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Za ndalama anthu amati dziko ndi losauka. Chabwino, koma kuwerengera kwa boma ndi mabungwe pambuyo pa Freddy kunapeza kuti katundu wowonongeka ndi zotayika zinaposa madola 500 miliyoni a ku America, ndipo kukonzanso kumafuna oposa pamenepo. Uyerekeze ndi mtengo wa zoyezera mvula ndi malipiro a akatswiri khumi. Iweyo ukamasankha mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza usapite kutali, tenga khwawa limodzi lotsikira mu Mulunguzi kapena mu Likangala, uliyende ndi mapazi kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, uwerenge nyumba zimene zili m'njira yake. Ukamaliza kope imodzi ukasiye ku Geological Survey, ina kwa amfumu a deralo, osangoti ya maliki basi.

Malume, nkhani yonseyi ndi makala basi. Tikanasiya kudula mitengo bwenzi kulibe zonsezi. Boma lingogawa mbande nkhani ithe, zinazo ndi kudya ndalama.
Bambo wa ku Sadzi

Bambo, theka ndikuvomerezani. Mizu imagwira dothi la pamwamba, masamba amachepetsa mphamvu ya madzi, ndipo inu a ku Sadzi mukudziwa bwino kuposa ine kusiyana kwa phiri lometedwa ndi phiri lovala. Zigumukire zing'onozing'ono zosazama mitengo imaletsa ndithu, vetiva ndi nsungwi m'mbali mwa makhwawa zimathandizanso. Koma mu 1946 phiri la Zomba silinali lometedwa ngati lero, makala a malonda a masiku ano kunalibe, linagumukabe. Chigamba chikasiyira pansi kwambiri kupitirira pamene mizu imafika chimatsika ndi mitengo yake yomwe. Nde dzalani, koma musauze anthu kuti poti tadzala mutha kugona m'khwawa. Komanso funso lakuti mtengo uti umagwira bwino nthaka ya phiri liti, paini kapena yachilengedwe, ndipo chimachitika n'chiyani zaka zingapo paini akakololedwa yense nthawi imodzi mizu n'kuola, limenelo ndi kafukufuku amene a zankhalango ndi a miyala akuyenera kuchitira limodzi. Osaiwalanso amene amakumba m'tsinde mwa phiri kufuna dothi la njerwa, oswa miyala, ndi ife tomwe timadula phiri kuti tipeze poyala maziko n'kusiya chikhoma cha dothi chili chiimire kuseri kwa chipinda cha ana.

Malume, ine ndine nyakwawa, mudzi sinditchula. Anthu amatinena mafumu kuti timagawa malo oopsa chifukwa cha ndalama. Ena amaterodi sindikana. Koma taganizani, mwana wa m'mudzi mwanga wakwatira akufuna pomanga, malo athyathyathya anatha kalekale, ndimuuze apite kuti? Komanso anabwerapo anthu ena ndi galimoto, anayeza yeza, anajambula ndi kandege kaja, anatifunsa mafunso tsiku lonse, mpaka lero sitinamveponso kanthu. Nde pulani mukunenayi ife tili pati?
Nyakwawa, kumpoto kwa Zomba

Zikomo mfumu, ndaima kaye pokuyankhani. Kalata yanu ndi imene yandivuta kwambiri mwezi uno chifukwa yankho lokoma ndilibe. Anthu a galimoto aja anakulakwirani, ndipo khalidwe limenelo lafala, kutenga nzeru za anthu n'kukalembera lipoti osabwezako olo pepala limodzi. Pulani ya dziko ikanayenera kukhala ndi lamulo losavuta, aliyense wofufuza za ngozi m'dera, kaya ndi wa boma kaya wa bungwe kaya wa sukulu, asiye zimene wapeza malo awiri, ku kaundula wa dziko ndi m'mudzi momwe anafufuzamo. Akadzabweranso ena muwafunse zimenezo asanatsitse zida zawo, ndipo mulembe dzina la ofesi yawo m'buku lanu.

Za mwana wofuna pomanga, apa ndi pamene mapulani ambiri amafera. Kujambula mzere wofiira papepala n'kosavuta, koma munthu sadya mzere. Mukamusamutsira kutali kopanda munda, kopanda mjigo, sukulu ili makilomita khumi, ganyu kulibe, abwerera, ndipo si kupusa ayi, wawerengera kuti njala ndi ya chaka chilichonse pomwe napolo mwina abwera iye atakalamba. Ku Shire kumunsi nkhani yosamuka m'malo a madzi osefukira yakhala ikukambidwa zaka zambirimbiri pa chifukwa chomwechi. Nde kafukufuku wa zigumukire asakhale wa akatswiri a miyala okha, pakhalenso ofufuza za malo, za chikhalidwe, za mmene anthu amapezera ndalama, makamaka kuno kumene malo amayenda kuchikazi ndipo kusamutsa banja ndi kusamutsa mbumba yonse ndi manda ake. Amene sanakhalepo pabwalo la milandu ya malo sangamvetse.

Koma pali chimene chimandipatsa mtima. Nthawi zambiri njira ya matope si yotakata ngati dambo la madzi osefukira, imatsata khwawa n'kukamwazika pamene phiri lathera. Kutanthauza kuti pena kusuntha nyumba mamita 100 kapena 200 cham'mbali, m'mudzi momwemo, kutha kusiyanitsa moyo ndi imfa, ndipo malo a m'khwawawo atha kukhalabe munda kapena nkhalango ya mudzi, bola pasagone munthu. Zimenezi zimatheka pokhapokha mapu ali atsatanetsatane ndipo katswiri wayenda nanu limodzi kuloza ndi chala. Inuyo muli ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, ija tinazolowera kuitchula VCPC, ilembe kalata kudzera ku komiti ya dera mpaka kwa DC kupempha kuti akatswiri a miyala adzayendere mudzi wanu. Mwina achedwa, mwina anena za mafuta a galimoto, koma kalata ikhalepo ndipo kope musunge. Pakadali pano musagawe malo pakamwa pa khwawa, pamene pali miyala ikuluikulu yobulungira yoonekeratu kuti inachita kugubuduka, ndi pansi pa chigamba chimene chinagumukapo kale. Mwana akadandaula mumuuze kuti Malume ndi amene akaniza, andida ine.

Malume, zonse mwanenazi ndi za zaka khumi. Ine ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto, ndimabwera usiku, nyumba ya lendi ili mmunsi mwa phiri. Dzinja lino ndipange chani?
Wakabaza, Mpondabwino

Achimwene, mawa kukacha zungulirani nyumbayo ndi kumtunda kwake. Muyang'ane ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mitengo ndi mapolo amene ayamba kupendekeka, chitseko chimene chayamba kuvuta kutseka chikhalirecho chinali bwinobwino, madzi otumphuka pamalo pamene sipanakhalepo kasupe. Afunseni aneba okhalitsa ngati khwawa lapafupi linabweretsapo miyala. Alandilodi sangakuuzeni zimenezo, funsani agogo ogulitsa tomato.

Mvula ikagwa masiku awiri atatu osaleka, makamaka a zanyengo akalengeza namondwe ngati mmene zinalili ndi Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022 kapena Freddy, musadikire meseji yonena dzina la mudzi wanu chifukwa siibwera, kagoneni kwa achibale kapena kusukulu kapena kutchalitchi komwe kuli kutali ndi khwawa, ndipo mupite kukadali kowala. Mtsinje ukasanduka matope mwadzidzidzi, kapena madzi ake akachepa mvula ikugwabe, ndiye kuti kumtunda kwatsekeka ndipo chikubwera, mukamva mkokomo ngati malole ambiri kapena mitengo ikuthyoka musayambe kufuna makiyi a njinga. Thawirani cham'mbali kukwera pamalo okwera, osathamangira kumunsi kutsata khwawa poti chimakupezani. Gwirizanani ndi aneba chizindikiro chimodzi, wezulo kapena kumenya chitsulo, chifukwa usiku wotero magetsi amakhala atazima ndipo netiweki imagwa. Ziphaso, buku la kuchipatala la ana ndi tochi zikhale m'jumbo imodzi pafupi ndi chitseko. Njingayo ngati ndi ya bwana muuzeni lero lomwe kuti masiku a chimvula muziisiya kwa mnzanu kumtunda wabwino, kuti usikuwo musadzayambe kulimbana nayo pakhomo ana akudikira.